Kodi ndizilandira zovala usiku nditatseka kale?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi malo ochapira ndi kusita zovala pa Kamuzu Road, kuno ku Salima. Ali ndi makina awiri ndi mtsikana mmodzi wosita, ndipo amatseka 5 koloko madzulo. Chikuwavuta n'chakuti makasitomala ambiri amafika pakhomo pali kale loko: anamwino oweruka mochedwa, asilikali, ndi anyamata ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Senga Bay. Ena amaimba foni 8 koloko usiku, "Mayi, tili panja pano." Ndiye akufunsa kuti, ayambe kulandira ndi kupereka zovala usiku, kapena kumeneko n'kudziputira mavuto?

Mayi, zikomo polemba. Kulandira yambani. Kupereka dekhani kaye. Ziwirizi zimaoneka ngati mapasa, koma imodzi ndiyo imaluma.

Azakhali anga anachitapo bizinesi ngati yanuyi, ndipo ine ndinkawathandiza pa holide. Lachisanu lina usiku kunabwera mnyamata wa kabaza n'kuuza mlonda kuti, "Andituma abwana, ndidzatenge suti yakuda ija." Mlonda anayatsa tochi, anaona suti yakuda yapachikidwa, anapereka. Koma masuti akuda analipo awiri. M'mamawa kutacha anatulukira mkwati, ndevu atameta kale, galimoto yokongoletsedwa ikudikira pamsewu. Suti yake inali itakwera minibasi ya ku Lilongwe ndi munthu wina amene sanatsegule n'komwe thumba lake. Palibe anaba. Mnyamatayo anatumidwadi, mlondayo anali wokhulupirika. Koma azakhali anathamanga kukabwereka suti ndi ndalama zawo, mikono yake yaifupi, ndipo banja lonse la mkwatiyo silinabwerenso. Mpaka lero akamva mawu akuti "andituma", nkhope imasintha.

N'chifukwa chake ndikuti chovala chisatuluke usiku chifukwa cha mawu apakamwa. Thumba lililonse likhale ndi nambala, yomweyonso ilembedwe pa lisiti ndi m'kaundula. Wobwera kudzatenga aonetse nambalayo, ndipo akhale kuti mwinizovala anakuuziranitu masana pa foni kuti abwera ndi uje. Ndalama zikhale zitalowa kale pa Airtel Money kapena Mpamba, inu mwaona uthenga ndi maso anu. Mlonda asagwire ndalama. Si kuti ndi wakuba ayi, koma anthu akadziwa kuti pakhomopo pamagona ndalama, mwamuika pa ngozi munthu amene chida chake n'chibonga ndi wenzulo. Ndipo ngati mwamuwonjezera ntchito, muwonjezereninso kangachepe pa malipiro. Ambiri timaiwala zimenezi, kenako tizidabwa kuti bwanji madala aja ayamba kuyankha mwaukali makasitomala.

Za kulandira tsopano. Mwina munaonapo pa intaneti mabokosi aja a kunja, oti munthu amangoponya thumba n'kumapita. Kuno ayi. Bokosi lapanja ndi chakudya cha makoswe ndi chiswe, ndipo mvula ya Januwale ikalowa mudzapeza zovala za anthu asanu zasinthana mitundu. Kutentha kwa Okutobala nakonso simukusowa kuuzidwa: thaulo lonyowa likagona m'thumba lomanga, limadzuka likununkha, likatha masiku awiri lachita chuku. Palinso nsikidzi. Bulangete limodzi lochokera ku nyumba ya nsikidzi likhoza kugawira matumba onse. Choncho pezani kabati kapena kachipinda kouma, kokhala ndi loko wakewake, kosiyana ndi kumene kuli makina ndi zovala zosita kale. Kiyi wa kumakina azigona kwanu.

Koma nkhondo yeniyeni ya zovala zosiyidwa usiku ndi chiwerengero. Masana mumawerengera limodzi ndi mwiniwake, mumamuonetsa pamene pang'ambika, pamene padontha mafuta a nsomba. Usiku palibe zimenezo. Pakapita masiku atatu mudzamva, "Ine ndinasiya malaya asanu, apa ndikuona anayi." Mudzatsutsa bwanji? Mwina iye sakunama, lachisanulo lili kuseri kwa chitseko kwawo, koma mbiri yoti kwa mayi aja kumasowa zovala imayenda msanga kuposa njinga yamoto.

Chitani chonchi. M'mawa, chovala chisanakhudze madzi, khuthulani thumba patebulo, yalani chimodzichimodzi, jambulani, tumizani kwa mwiniwake pa WhatsApp pamodzi ndi chiwerengero ndi mtengo. Pisani m'matumba a zovalazo kamera ikuona, chifukwa mumapezeka zambiri: ndalama, chiphaso cha unzika, makiyi, nthawi zina kakalata kosayenera kuonedwa ndi akunyumba, zimenezo musunge pakamwa. Akayankha kuti eya, ndiye muchape. Akapanda kuyankha, thumba lidikire. Ena adzadandaula kuti mukuchedwetsa, koma ndi omwewo amene akanadzakuimbani mlandu. Lamuloli lilembeni pa chikwangwani pakhomo kuti pasadzakhale wonena kuti sanadziwe.

Musalonjezenso kuti chosiyidwa usiku chituluka mawa lake. Madzi a Central Region Water Board akasiya, kapena ESCOM ikathimitsa magetsi, lonjezo lanu lagwa. Inde, kufupi ndi Nanjoka kuno kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anayamba mu 2021, koma magetsiwo amalowa mu nthambo za dziko lonse, satipatula ife a ku Salima. Nenani masiku awiri, nyengo ya mvula atatu. Kuthamanga kumachititsa kuti mtsikana wanu adumphe kusita zovala zamkati ndi za ana, pamene ntchentche ija ya mphutsi imaikira mazira pa nsalu yachinyezi, makamaka yoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo chimene chimapha mazirawo ndi simbi yotentha. Mwana wa kasitomala akatuluka mphutsi pamsana, palibe adzakumbuke kuti munamuthandiza usiku.

Sindikuonanso chifukwa choti mutsegule usiku wonse. Mpaka 8 koloko n'zokwanira. Ndipo yesani m'mawa, kuyambira 6 koloko. Ine ndikuganiza kuti m'mawamo ndi mmene muli phindu, chifukwa munthu wopita ku ntchito amadutsa ndi thumba lake kunja kukuwala, inu muli pomwepo, n'kuwerengera limodzi. Onaninso masiku amene anthu amapanikizika. Lachinayi madzulo anthu amafuna mikanjo yawo ya ku mzikiti, Loweruka masuti ndi mabulauzi oyera a amayi a Chigwirizano. Yambirani masiku awiri amenewo kwa mwezi umodzi, muzilemba m'kaundula matumba obwera nthawi yowonjezerayo, kenako muone ngati akubweza ndalama ya mlonda ndi nyali ya sola yapakhomo.

Kwa a ku Senga Bay, mwina yankho si usiku n'komwe. Pezani mnyamata mmodzi wa njinga yamoto, yemwe mumadziwa kwawo ndi makolo ake, azikatenga ndi kukasiya matumba ku ntchito kwawoko masana, iwo azilipira ulendowo. Mmodzi yemweyo tsiku lililonse, osati aliyense amene mwamupeza pa siteji.

Wosiya zovala usiku musamulipiritse zowonjezera, wakubweretserani ntchito. Wofuna kudzatenga usiku mukhoza kumuikira kandalama pang'ono, mudzaona kuti ambiri apeza nthawi masana. Pakatha mwezi mundilemberenso, ndikufuna kumva makamaka za 6 koloko m'mawa ija.