Mafunso a Owerenga: Kodi ku Mzuzu Kuli Njira Zopalasamo Njinga Zonga za M'minda ya Mphesa?

FUNSO: Ndine mphunzitsi ndipo ndimakhala ku Katoto mumzinda wa Mzuzu. Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Stellenbosch m'dziko la South Africa amanditumizira zithunzi akupalasa njinga m'misewu yafumbi yodutsa m'nkhalango ndi m'minda ya mphesa, ndipo akuti njinga yakeyo ndi ya mtundu wa gravel. Zandisiririka kwambiri, koma ine ndili ndi mountain bike yakaunjika imene ndinagula mumsika. Kodi kuno kwathu kuli njira zofanana ndi zimenezo, nanga ndiyambe ndagula njinga ngati yakeyo? Wowerenga wa ku Katoto.

YANKHO: Zikomo Aphunzitsi chifukwa cha funso lanu. Njirazo ziliko, ndipo zina zayambira pakhomo panu pomwepo, koma kuti muzizindikire ndi bwino tione kaye chimene chimakometsa njira za kumene kuli mng'ono wanu.

Tauni ya Stellenbosch inakhazikitsidwa mu 1679 ndipo mphesa zalimidwa kumeneko kwa zaka zoposa 300. Alimi a mphesa amakonda malo otsetsereka chifukwa madzi sadikha m'mizu, ndipo munda uliwonse umafuna timisewu toyendamo mathirakitala ndi anthu okolola. N'chifukwa chake dera la mphesa limadzaza ndi misewu ing'onoing'ono yosamalidwa bwino, yokwera ndi kutsika, yopanda magalimoto ambiri, ndipo kumtunda kwake, monga m'chigwa cha Jonkershoek, imakalowa m'nkhalango. Ku Italy n'chimodzimodzi. M'dera la Chianti, m'chigawo cha Tuscany, muli misewu ya timiyala toyera imene eni ake amainyadira kwambiri, moti mu 1997 anayambitsa mwambo wopalasa njinga zakale wotchedwa L'Eroica m'tauni ya Gaiole in Chianti, mwa zina pofuna kuti misewuyo isathiridwe phula. Kuyambira mu 2007 akatswiri amapikisana m'misewu yomweyo pa mpikisano wa Strade Bianche umene umathera mumzinda wa Siena, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi wa njinga za gravel, zopangidwira misewu yopanda phula, unachitikira m'dziko lomwelo, m'chigawo cha Veneto, mu 2022. Mukaonetsetsa, chimene anthu onsewa amatsata si mphesa ayi, koma msewu wopanda phula umene mlimi anaulambulira ntchito yake.

Minda ikuluikulu ya mphesa simuipeza kuno, pakuti ku Stellenbosch mvula imagwa m'nyengo yozizira ndipo mphesa zimapsa kunja kuli gwaa, pamene kwathu kuno mvula imagwa m'nyengo yotentha, zimene zimabweretsa matenda a nkhungu pa zipatsozo. Koma ntchito imene mphesa zinagwira kumeneko, kuno inagwiridwa ndi paini, tiyi, labala ndi khofi.

Malo oyamba amene ndingakutumizeni ndi nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, kummwera kwa Mzuzu potsata msewu wa M1. Mitengo ya paini inadzalidwa kwambiri kumeneko kuyambira m'zaka za m'ma 1960 pokonzekera fakitale ya mapepala imene siinamangidwe, ndipo nkhalangoyo inakula mpaka mahekitala pafupifupi 53,000. Pofuna kusamalira mitengo yochuluka chotero, analambula misewu yotulutsira matabwa ndi mikwasa yotchinga moto, ndipo imeneyi ndiyo chuma cha wopalasa njinga lero. Zimandipweteka mtima kuti mbali yaikulu ya nkhalangoyi inadulidwa ndipo ina inapsa, moti malo ambiri amene kale munali mthunzi wokhawokha lero mwatsala zitsa, komabe cha ku Luwawa, kumene kuli damu ndi malo ogona alendo, mukadali njira zokongola zimene opalasa njinga akhala akuzigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. M'mawa kumeneko fungo la utomoni wa paini limakulandirani musanatuluke n'komwe m'chifunga, ndipo masamba a paini ouma amayalana pansi ngati mphasa. Masamba omwewo ndi oterera, choncho pokhota musagwire mwadzidzidzi buleki yakutsogolo. Mukamva lole ya matabwa ikubwera, tsikani pa njinga ndi kuima kumbali kumene kukuchokera mphepo kufikira fumbi litatha, chifukwa woyendetsa lole yachiwiri sangakuoneni m'fumbi la yoyambayo.

Ngati chimene mwasirira pa zithunzi zija ndi mizere ya mbewu yokwera ndi kutsika m'zitunda, lowerani kummawa m'boma la Nkhata Bay, kumene kuli minda ya tiyi ya Kawalazi ndi ya labala ya Vizara. Tiyi wodulidwa mofanana pamwamba, wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, sachepa kukongola pomuyerekeza ndi munda uliwonse wa mphesa. Minda imeneyi ili ndi eni ake, choncho pemphani chilolezo pachipata musanalowe m'timisewu ta m'kati. Dziwaninso kuti Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene nyanja yathu pa Nkhata Bay ili pa mamita osafika 500. Popita mudzatsetsereka mosangalala, koma pobwerera mudzakwera mamita oposa 700 dzuwa litakula ndiponso mutatopa kale, ndipo apa ndi pamene ongoyamba kumene ambiri amagonjera. Msewu wa ku Usisya, umene umatsika motsetsereka kwambiri pofika kunyanja, komanso wa ku Nyika wodzera pachipata cha Thazima, muisungire chaka chamawa.

Chimene mng'ono wanu sangakuphunzitseni ndi dothi lathu. Misewu ya ku Chianti ndi ya timiyala, koma yathu yambiri ndi ya katondo, ndipo katondo ali ndi makhalidwe awiri. Akauma amalimba ngati simenti ndipo njinga imathamanga bwino koposa, koma akangonyowa amamatirira pa tayala, kenaka amadzaza pakati pa tayala ndi felemu kufikira gudumu litaleka kuzungulira, ndipo mumapezeka mukutokosa matope ndi kamtengo pa mamita 100 alionse, tcheni ikulira mchenga. Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, imafika mpaka mu Epulo kapena Meyi, ndipo mu Juni ndi Julayi mumagwa mawawa amene amanyowetsa pamwamba pokha, n'kusiya msewu ukuterera ngati sopo. Pa masiku otero dikirani dzuwa liwale maola angapo musananyamuke, ndipo tengani chovala chotchinga mphepo chifukwa pa Viphya pamazizira zedi. Mwezi wa Ogasiti ndiwo ndimaukonda kuposa yonse. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala njira zimakhala zouma, koma ndi nyengo ya moto wolusa, choncho mukaona utsi patsogolo bwererani, osayesa kuudutsa.

Tsopano za njinga. Ya gravel imaoneka ngati ya mpikisano, ya mahandulo opindikira pansi, koma ili ndi matayala okulirapo, kawirikawiri a mamilimita 38 mpaka 45, ndi mabuleki a disiki. Ndi yopepuka ndipo imathamanga pa msewu wosalala, koma pa misewu yathu yokumbika ndi madzi, mountain bike yanu ya matayala aakulu ikhoza kukutumikirani bwino kuposa iyo, ndipo zipangizo zake zimapezeka mumsika wa Mzuzu pamene za gravel mungachite kuitanitsa kunja. Musagule ina ayi. Ndalama zanu zipite kwa mmisiri wodziwa ntchito kuti aone zinthu zitatu. Choyamba ndi magiya: pa giya lopepukitsa, mano a kutsogolo asachuluke kuposa a kumbuyo, kuti muzikwera chitunda mutakhala pa chishalo, chifukwa mukaimirira pa fumbi tayala lakumbuyo limangopalasa pansi osagwira. Chachiwiri ndi mabuleki, amene afunika malabala ndi mawaya atsopano, ndipo pa mtsetse wautali muziwagwira ndi kuwasiya mosinthanasinthana kuti limu isatenthe. Chachitatu ndi mpweya. Anzathu a Sacramento, a njinga zakabaza, amapopa matayala mpaka gwa chifukwa amanyamula anthu pa phula, koma pa miyala tayala lolimba chotero limadumphadumpha ndi kutopetsa mikono. Phwetsani pang'ono kuti lizibonyeka mukalisindikiza ndi chala chachikulu, koma lisafewe mpaka limu kumagunda miyala, pakuti pamenepo chubu imabooka malo awiri nthawi imodzi.

M'chikwama mukhale chubu yapadera, zigamba ndi sulushoni, pampu, masipanala, madzi osachepera malita 2, nthochi kapena mbatata yophika, ndi foni yodzaza moto, ngakhale kuti m'zigwa zina za Viphya netiweki imasowa. Musapite nokha m'nkhalango, ndipo akunyumba adziwe njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera. Timisewu ta m'nkhalango timafanana ndipo sitikhala ndi zikwangwani, choncho mukakumana ndi munthu mupatseni moni wa "Monire" n'kufunsa njira musanasochere.

Ulendo woyamba usakhale wa ku Chikangawa n'komwe. Loweruka lina m'mawa tulukani m'tauni kulowera cha ku Lusangazi kapena ku Choma, palasani ola limodzi pa msewu wafumbi, kenaka bwererani njira yomweyo. Mukachita zimenezi masabata anayi otsatizana ndipo mukafika kunyumba miyendo ikadali ndi mphamvu, pamenepo pezani mnzanu, kwezani njinga pa galimoto yopita ku Jenda, mukatsikire pamphambano ya ku Luwawa.