Kukaona oluka makalapeti ku Teotitlán del Valle

Funso: Akonzi, kumayambiriro kwa July ndikupita ku Oaxaca m'dziko la Mexico kukagwira ntchito, ndipo ndidzakhala ndi tsiku limodzi lopuma. Kodi ndingakaone kuti ntchito zamanja zenizeni?
Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Pitani ku Teotitlán del Valle, tauni yaing'ono ya anthu a mtundu wa Zapotec, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa mzinda wa Oaxaca. Mabanja ambiri kumeneko amaluka makalapeti a ubweya wa nkhosa pa makina amatabwa opondedwa ndi mapazi, amene anafika ndi anthu a ku Spain m'zaka za m'ma 1500.

Musathere nthawi m'mashopu okha, koma mulowe pakhomo pa oluka ndi kuwapempha kuti akuonetseni mmene amapangira utoto. Wofiira umachokera ku tizilombo totchedwa cochineal, tomwe timamatirira pa chomera chaminga cha nopal. Amatiumitsa n'kutipera, ndipo akathira madzi a ndimu pa ufawo m'chikhatho chanu, mtundu umasintha inu mukuona. Kalapeti yotchipa kwambiri kawirikawiri imakhala ya utoto wa kufakitale, choncho mufunse musanagule, ndipo musanenerere mopitirira muyezo, pakuti yaikulu imatenga milungu ingapo kuti ithe.

Mwasankhanso nthawi yabwino, chifukwa m'masiku amenewo kumachitika chikondwerero cha tchalitchi cha Preciosa Sangre de Cristo, pomwe amuna ovala zisoti zazikulu za nthenga amavina gule wa Danza de la Pluma. Mutenge ndalama za peso m'thumba komanso ambulera, popeza July ndi nyengo ya mvula.