Mapaki a ku Utah ndi tenti mu Julayi: yankho kwa bambo wa ku Indiana

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina, Mmalawi amene akukhala ku Indiana. Ali ndi tchuthi cha masiku khumi mu Julayi, ndipo akufuna kukwera ndege mpaka ku Las Vegas, kubwereka galimoto, n'kuzungulira mapaki onse asanu a ku Utah pamodzi ndi Grand Canyon, akugona mu tenti ndi mayi a kunyumba komanso ana awiri. Akufunsa ngati n'zotheka, ndiponso akonzekere bwanji.

Bambo, kutheka n'kotheka, koma anawo adzangokumbukira mpando wa m'galimoto. Pa mapu mapakiwa amaoneka ngati ali khomo ndi khomo. Chilungamo chake, kuchoka ku Las Vegas kukafika ku Springdale, pakhomo pa Zion, ndi makilomita pafupifupi 260, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Moab, kumene kuli Arches ndi Canyonlands, mumatha maola asanu kapena kuposerapo muli pa chiwongolero. Muwonjezerepo kumanga ndi kumasula tenti tsiku ndi tsiku. Ine ndikanasankha atatu okha: Zion, Bryce Canyon ndi Capitol Reef. Enawo akudikirani, miyala sithawa.

Chondisankhitsa atatuwa ndi msewu wa Highway 12, umene umachoka kufupi ndi Bryce, kudutsa m'timatauni ta Escalante ndi Boulder, n'kukatulukira ku Torrey pafupi ndi Capitol Reef. Ndi makilomita pafupifupi 200, koma musauwerenge ngati njira yongodutsa. Pakati pa Escalante ndi Boulder pali malo amene msewu umayenda pamsana pa mtunda wopapatiza, phompho kumanja, phompho kumanzere. Kenako mumakwera phiri la Boulder Mountain, m'nkhalango yozizira, pamene maola awiri apitawo munali pa miyala yotentha. Thirani mafuta thanki isanafike pakati, ndipo mapu muwasungiretu mu foni, chifukwa netiweki imasowa mtunda wautali.

Malo ogona musawachedwere. Makampu a m'mapaki, monga Watchman ku Zion ndi Fruita ku Capitol Reef, amasungitsidwa pa webusaiti ya boma ya recreation.gov kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amadzaza msanga. Mukapeza adzaza, kunja kwa mapaki kuli malo a boma oyang'aniridwa ndi Bureau of Land Management kumene m'madera ambiri mungamange tenti ulele mpaka masiku 14. Koma kumeneko kulibe mpope, kulibe chimbudzi, zinyalala mumanyamula nokha, ndipo njira zake n'zafumbi zimene makampani ambiri obwereketsa galimoto amaletsa m'pangano lawo. Ndi ana, ine ndikanalolera kulipira kampu ya anthu wamba ya m'tauni. Pa zolowera, gulani chiphaso cha pachaka cha America the Beautiful. Kwa okhala ku America ndi madola 80, pamene Zion ndi Bryce paokha amalipiritsa madola 35 pa galimoto paki iliyonse.

Tsopano nkhani yeniyeni ya Julayi ndi madzi, osowa ndi ochulukitsa.

Ku Zion masana kumatentha kupitirira madigiri 38. Mpweya wake ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma musanaliwone, ndiye munthu umadzinamiza kuti sunatope. Oyang'anira mapaki amalangiza malita anayi pa munthu patsiku. Inu muli anayi, ndiye malita 16 akumwa okha, osawerengera ophikira. Gulani zigubu zikuluzikulu ku Las Vegas kapena ku St. George, muzidzaza paliponse pamene mwapeza mpope, ndipo muzidya tamchere. Muziyenda mbandakucha, pofika 10 koloko mukhale mutabwerera pamthunzi. Ana sanena kuti ali ndi ludzu. Amangoyamba kulongolola kapena kukhala chete, ndiye muziwapatsa madzi asanapemphe.

Koma chimene alendo ambiri sachiganizira n'chakuti m'chipululu anthu amamira. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala kumagwa mvula yamkuntho ya masana. Nthaka yake ndi thanthwe, madzi salowa pansi, ndiye onse amathamangira m'tizigwa topapatiza n'kutsika ngati khoma la matope, miyala ndi zipika. Choopsa n'chakuti mvulayo ikhoza kugwa kutali, inu pamutu panu kuli dzuwa. Mu Ogasiti 1997 anthu 11 anafera mu Lower Antelope Canyon ku Arizona, madzi ochokera ku mvula imene inagwa makilomita angapo kumtunda. Mu Seputembala 2015 anthu asanu ndi awiri anafera mu Keyhole Canyon ku Zion komweko. N'chifukwa chake musanalowe mu Narrows, kumene anthu amayenda mumtsinje wa Virgin pakati pa makoma ataliatali, muyambe mwaona chenjezo la tsikulo ku ofesi ya alendo. Madzi akayamba kuda kapena mukamva mkokomo kumtunda, kwerani pamalo okwera nthawi yomweyo, katundu musiye. Tenti musamange m'khwawa louma, ngakhale mchenga wake ukhale wofewa chotani, ndipo galimoto musawolotse pamadzi othamanga.

Ku Bryce zinthu zimatembenuka. Pakiyi ili pamtunda wopitirira mamita 2,400, ndipo ngakhale mu Julayi usiku kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kucheperapo. Amene munagonapo ku Nyika mukundimvetsa. Tengani majuzi ndi zogonera zofunda, ndipo mitambo ikayamba kuda masana chokani m'mphepete mwa phompho, kuli ziphaliwali.

Zina n'zazing'ono. Nthawi ya ku Utah ili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi ya ku Nevada. M'chigwa cha Zion m'nyengo imeneyi simulowa ndi galimoto yanu, mumakwera basi ya paki, yaulere. Kutola nkhuni n'koletsedwa, ndipo kukauma kwambiri amaletsa ndi moto womwe, ndiye tengani kasitovu ka gasi. Chakudya muzitsekera m'galimoto, makwangwala akumeneko amadziwa kutsegula zikwama. Angels Landing, njira yokwera phiri ku Zion imene mwina mwaiona pa YouTube, imafuna chilolezo cha mwamaere kuyambira 2022, ndipo kumapeto kwake mumagwira unyolo pamwamba pa phompho; si ya ana. Apititseni ku Riverside Walk, kanjira kosavuta ka m'mphepete mwa mtsinje wa Virgin.

Masiku awiri omaliza muwasungire Fruita. Kampuyo ili pakati pa minda ya zipatso imene anabzala anthu a mpingo wa Mormon amene anakhazikika kumeneko cha m'ma 1880, ndipo paki imaisamalirabe. Zipatso zikapsa alendo amaloledwa kuthyola okha, n'kuyeza pa sikelo n'kulipira. Kumayambiriro a Julayi nthawi zambiri mumapeza maapurikoti. Mapichesi ndi maapozi amabwera m'miyezi yotsatira.