Makompyuta ogona usiku angathandize kafukufuku? Yankho kwa aphunzitsi a ku Ntcheu

Imelo ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena a sayansi pa sekondale yoyendera ya ku Ntcheu, cha kumtunda kwa Lizulu. Ndaifupikitsa motere:

"Sukulu yathu inalandira makompyuta kuchokera kwa akufuna kwabwino. Ana akaweruka timawazimitsa mpaka mawa. Ndinamva kuti kunja anthu amabwereketsa makompyuta awo kwa akatswiri a sayansi kudzera pa intaneti. Kodi ndi zoona kapena ndi utambwali? Ngati ndi zoona, zimatheka bwanji kuti makina omwewo athandize wofufuza za nyenyezi komanso wofufuza mankhwala? Nanga ife tingalowe nawo, ndipo pali kangachepe kolandira?"

Zikomo aphunzitsi. Ndi zoona ndithu. Za kangachepe ndiyankhiretu kuti musawerenge mpaka pansi mukuyembekeza: palibe. Wina akakuuzani kuti ikani pulogalamu yakuti muzilandira madola pothandiza sayansi, mutalikireni, chifukwa kawirikawiri amakhala akufuna makina ndi magetsi anu kuti azidzipangira ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto. Mapulogalamu enieni amangokupatsani mapointi oti muzinyadira nawo.

Nkhani yagona pa funso lanu lapakati. Kompyuta sidziwa nyenyezi, sidziwanso udzudzu. Imadziwa kuwerengera basi. Wofufuza aliyense akamafika nalo funso lake pa kompyuta amakhala atalisandutsa kale masamu, ndipo masamu ambiri a kafukufuku ali ndi khalidwe limodzi: ndi ntchito yomweyomweyo yobwerezedwa kambirimbiri, manambala okha ndi amene akusinthidwa pang'ono. Wofuna mankhwala atsopano amayesa mitundu ya mankhwala mamiliyoni, umodziumodzi, kuti aone umene ungakakamire pa puloteni ya kachilombo n'kukalepheretsa kuswana. Kuyesa mtundu woyamba sikudikira yankho la wachiwiri. Ntchito yotere ili ngati munda wa dima: mwini munda agawa mizere, aliyense alima wake osafunsa mnzake, wamphamvu atenga yambiri, wofooka atenga umodzi, pofika madzulo munda watha. Mawa makasu omwewo akalima kwa wina, m'munda wa kachewere osati wa chimanga, ndipo khasu silifunsa kuti muno mudzalamo chiyani.

Zimene mwaona inu, kuti makina akungogona, anaziona kale anthu a pa yunivesite ya Wisconsin ku America m'zaka za m'ma 1980. Gulu la Miron Livny linalemba pulogalamu yotchedwa Condor, imene inkasaka makompyuta a m'maofesi amene eni ake achokapo, n'kuwapatsa ntchito mpaka mwini atabwera. Pulogalamuyi ikugwirabe ntchito lero ndi dzina loti HTCondor. Mu 1999 a pa yunivesite ya California ku Berkeley anatsegulira khomo anthu wamba kudzera mu SETI@home: aliyense kunyumba kwake ankalandira kachidutswa ka mafunde a wailesi ochokera kuthambo, otoledwa ku Arecibo ku Puerto Rico, kuti kompyuta yake ifufuze ngati muli chizindikiro cha zamoyo za kwina. Anthu mamiliyoni analowa nawo. Zamoyozo sanazipeze, ndipo mu 2020 analeka kugawa ntchito. Koma mu ntchitoyi munabadwa BOINC mu 2002, pulogalamu imene wofufuza wa nthambi iliyonse angathe kugawira ntchito yake kwa odzipereka.

Mudzafunsa, monga mphunzitsi wozolowera kuchonga, kuti amadziwa bwanji kuti yankho lochokera ku kompyuta ya munthu wosamudziwa ndi lolondola. Ntchito imodzi amaitumiza kwa anthu awiri kapena kuposerapo osadziwana, kenako amafananitsa mayankho. Akasiyana, amaitumizanso kwa wina. Kachidutswa kalikonse kali ndi tsiku lobwezera, ndipo mukachedwa amakapereka kwina. Mapulogalamu ambiri amasunganso pamene afika pakapita kanthawi, moti magetsi akathima sayambira pachiyambi.

Odzipereka ndi mbali imodzi chabe. Mbali inayo, imene ndi yaikulu pa kafukufuku wa tsiku ndi tsiku, ndi ya mayunivesite ndi malabu amene amalumikiza makina awo n'kugwirizana zobwerekana. Chitsanzo chotchuka ndi cha CERN, labu yaikulu ya fizikisi kufupi ndi Geneva, kumene kuli ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka, moombanitsira tizidutswa ta maatomu. Data yotuluka mmenemo ndi yochuluka moti CERN payokha singailongosole, choncho imagawidwa ku malo a makompyuta pafupifupi 170 m'mayiko oposa 40. Kachidutswa kotchedwa Higgs, kamene analengeza pa 4 Julaye 2012, kanapezeka mwa njira imeneyi. Ku America kuli Open Science Grid, imene inayamba mu 2005 makamaka chifukwa cha akatswiri a fizikisi omwewa. Koma afizikisi sadzaza makina onse nthawi zonse, ndiye mipata yotsala amalowamo ena: ofufuza za majini, za mapuloteni, za chuma. Nawonso a LIGO, amene mu 2015 anamva kugwedezeka kwa mlengalenga kochokera pa kuombana kwa maenje akuda (black holes) awiri a kuthambo, amawerengera pomwepo. Wophunzira wa pa koleji yaing'ono, imene siingakwanitse kugula makina akuluakulu, amatumiza ntchito zake masauzande n'kulandira mayankho pa masiku ochepa m'malo mwa zaka.

Tsopano za malungo, poti kunsi uko ku Mtakataka, Golomoti ndi Bwanje udzudzu suchita kufunsa. Cha m'ma 2006 akatswiri a Swiss Tropical Institute ku Basel, mothandizana ndi a CERN pa ntchito yotchedwa Africa@home, anayambitsa malariacontrol.net. Anapanga m'kompyuta midzi yongoyerekeza: anthu masauzande, aliyense ndi msinkhu wake, kulumidwa kwake ndi chitetezo cha m'thupi mwake. Kenako amafunsa kuti, tikagawa masikito kwa theka la anthu zikhala bwanji pakatha zaka 10? Nanga tikawonjezapo katemera? Nanga kumene malungo amangobwera dzinja lokha? Funso lililonse liyenera kubwerezedwa kambiri, chifukwa mudzi wongoyerekezawo suyenda chimodzimodzi kawiri. Makompyuta a odzipereka ndi amene anasenza mawerengero amenewa. Pulogalamu yawo, OpenMalaria, inali imodzi mwa zinayi zimene zinagwiritsidwa ntchito poyerekeza phindu la katemera wa malungo wotchedwa RTS,S asanayambe kuperekedwa kwa ana ambiri. Dziko loyamba kupereka katemerayu pa ndondomeko yoyesera ya WHO linali lathu lino, mu Epulo 2019. Ndiye mayi wobayitsa mwana kusikelo ali ndi gawo pa zimene anawerengera makompyuta a anthu amene sanaponde m'Malawi muno.

Nthawi ya Covid-19 inaonetsa kukula kwa mphamvuyi. Folding@home, imene Vijay Pande anayambitsa ku Stanford mu 2000 pofufuza mmene mapuloteni amapindikira, inalandira odzipereka ambirimbiri mu 2020, mpaka mu Epulo inkawerengera koposa 2 biliyoni biliyoni pa sekondi, kuposa kompyuta yaikulu iliyonse ya nthawi imeneyo. A ku Oxford nawo akhala akugawa mawerengero a kusintha kwa nyengo kuyambira 2003 kudzera mu climateprediction.net.

Komabe si ntchito iliyonse imene imagawika chonchi, ndipo okonda kutamanda zimenezi amaiwala kunena. Kulosera mvula ya mawa ndi chitsanzo. Mlengalenga amaugawa m'tizigawo, koma mphepo ya pa Dedza imadalira ya ku Mozambique, ndipo ya kumeneko imadalira ya kunyanja ya mchere. Tizigawoto tiyenera kuuzana mayankho kambirimbiri pa sekondi iliyonse, zimene intaneti wamba singakwanitse. Ntchito yotere imafuna makina masauzande ounjikidwa m'chipinda chimodzi ndi mawaya othamanga, monga Lengau ya ku Cape Town imene inatsegulidwa mu 2016. A Oxford aja amatha kugawa yawo chifukwa kompyuta iliyonse imayendetsa dziko lonse lathunthu payokha, pang'onopang'ono, ndipo safuna yankho mawa m'mawa. Palinso data ya odwala, imene lamulo ndi umunthu sizilola kuimwaza pa makompyuta a anthu osadziwika.

Nanga inu mulowe nawo? Tiyambe tawerengera. Kompyuta ya pa desiki yodya mawati 100 ikagwira ntchito maola 10 yamaliza yuniti imodzi ya magetsi. Zikakhala 20, ndiye mayunitsi 20 usiku umodzi, ndipo ndalama yake ichokera m'thumba lomwe lija logulira choko ndi mapepala a mayeso. Onjezani bandulo, chifukwa ntchito zina, makamaka za nyengo, zimabweza mafayilo akuluakulu. Makina akale akamagwira ntchito usiku wonse amatentha, mafani amatha, ngakhale kuti pa izi zokha kuzizira kwa Juni kwa kwathu kuno kumatikondera. Komanso makompyuta opatsidwa amakhala akale, moti zimene angawerengere pa sabata yathunthu, makina amodzi atsopano amatsiriza nkhomaliro isanakwane. Maganizo anga ndi akuti kusiya makompyuta onse a mu labu akuyaka usiku n'kudzipweteka, ndipo sayansi siipindulapo kwenikweni.

Chimene Malawi akusowa kwambiri si kupereka makina koma anthu odziwa kubwereka makina a ena, ndi msewu wofikirako. Ambiri sadziwa kuti likulu la UbuntuNet Alliance, bungwe lolumikiza manetiweki a mayunivesite a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, lili ku Lilongwe. Linakhazikitsidwa mu 2005, ndipo limalumikiza chigawo chino ndi netiweki ya ofufuza a ku Ulaya yotchedwa GÉANT. M'dziko muno mbali imeneyi amayendetsa ndi a MAREN, bungwe lolumikiza mayunivesite athu pa netiweki. Ku Cape Town kuli makina otchedwa ilifu, amene akatswiri a nyenyezi ogwiritsa ntchito mbale 64 zotolera mafunde a wailesi ochokera kuthambo za MeerKAT amagawana ndi akatswiri a majini. Kuyambira 2012 bungwe la H3ABioNet linaphunzitsa anthu a m'mayiko ambiri a mu Africa kusanthula DNA pa makina akutali. Wophunzira amene walowa ku LUANAR, MUST kapena KUHeS akudziwa kale kulemba kapulogalamu kakang'ono, kugawa funso lalikulu m'zidutswa, ndi kutumiza ntchito ku kompyuta imene sakuiona, angathe kufufuza matenda a kachewere wa ku Tsangano ali pa laputopu yachikale. Makina olemerawo akhale kwa eni ake.

Ndiye chitani izi. Pemphani chilolezo kwa ahedi, musankhe kompyuta imodzi yamphamvuko, muikepo BOINC kuchokera pa tsamba lake la Berkeley osati kwina, ndipo iziyenda masana okha pa nthawi ya kalabu ya sayansi. Yambani ndi ntchito za masamu monga PrimeGrid, yosaka manambala osagawika (prime numbers), chifukwa sizidya bandulo yambiri. Malariacontrol.net musavutike kuifuna, inatsekedwa kale. Ana aone ntchito ikubwera, ikuwerengedwa, ikubwerera. Kenako zimitsani, mugawe kalasi m'magulu, gulu lililonse mulipatse manambala 100 oti lisakemo osagawika ndi pensulo, magulu awiri mwadala muwapatse manambala ofanana osawauza, ndipo pomaliza afananitse mayankho pabolodi. Makompyuta otsalawo muikepo Python, chinenero cholembera mapulogalamu, imene siifuna intaneti ikangoikidwa, kuti teremu yamawa ana omwewo alembe okha pulogalamu yochita zimene anachita ndi pensulo.