Achimwene akubwera ku tchuthi, koma amayi ali ndi shuga

Imelo ya mayi wina wa ku Ntcheu yagona m'foni mwanga sabata yathunthu. Si ulesi ayi. Ndimati ndikaitsegula mtima umagunda, ndiye ndimaitseka n'kupita kukasonkheza moto. Nkhani yake ndi yaifupi. Achimwene awo ndi amishonale ku Mozambique, ndipo akubwera ndi banja lonse ku tchuthi cha miyezi itatu. Kumudzi kuli amayi awo, okalamba, odwala shuga ndi BP. Mipingo yomwe imathandiza achimwenewo yalemba kale masabata oti akaonekere. Funso lawo, poti kuli mliri wa kolona, ndi lakuti afikire kumudzi kodi, nanga mipingoyo angaikanire bwanji popanda kukhumudwitsa anthu omwe amawadyetsa?

Achemwali, mwagogoda pakhomo pa munthu amene chilonda chake sichinapole. Ifenso tidabwera ku tchuthi cha miyezi itatu. Tidadutsa pa Calomue n'kulowa pachipata cha Dedza pakati pa Malichi 2020, ine, bambo a kunyumba ndi ana atatu, zikwama ziwiri ndi thumba la nyemba lopatsa apongozi. Pamene ndikulemba izi tili mu Juni 2021, ndipo ine ndi ana tikadali kuno ku Bembeke.

Kwathu kuntchito, cha ku Furancungo m'chigawo cha Tete, tidachokako ngati anthu opita kumsika. Nkhuku ndidasiyira mayi wina wa mumpingo, chimanga chili chiwisi m'munda. Mwana aliyense ndidamutengera juzi imodzi yokha, ati tibwerera chisanu chikungoyamba. Amene adagonapo ku Bembeke mu Julayi waseka kale.

Bambo a kunyumba anali ndi kope lawo lachikuto chofiira, m'mene adalembamo mipingo 11, kuyambira ku Linthipe mpaka kutsika ku Ntcheu, Lamulungu lililonse mpingo wake. Tidangopita kumodzi. Pa 20 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi, misonkhano ya anthu oposa 100 ndi yoletsedwa, ndipo sukulu zitsekedwa kuyambira pa 23. Pa 1 Epulo Mozambique nayo idakhwimitsa malamulo ake. Tsiku lotsatira tidamva pa wailesi kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi kolona ku Lilongwe. M'bindikiro wa masiku 21 uja, womwe umayenera kuyamba pa 18 Epulo, khothi lidauimitsa kutatsala tsiku limodzi, moti mavenda pa Dedza adapitiriza kugulitsa mbatatesi zawo. Koma ife tinali titabindikira kale mwa mtundu wina: kubwerera kosatheka, kuyendera mipingo kosatheka, m'thumba muli ndalama zowerengera miyezi itatu.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti kuchokera pakhomo pa apongozi, Mozambique timachita kuiona ndi maso. Mukafika pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire. Munthu amagula tomato mbali ino, kabichi mbali inayo, palibe womufunsa pasipoti. Alamu anga ankangoti, "Bwanji osangodutsa njira za m'munda ngati anzanu?" Sankadziwa kuti mmishonale amakhala ku Mozambique ndi chikalata chotchedwa DIRE, ndipo ukatuluka ndi chidindo n'kulowanso popanda chidindo, wadziphera wekha ntchito. Wopanda mapepala ankaoloka mwaufulu, ife a mapepala tili phee.

Paja amati mlendo ndi mame. Ife tinali mame okana kukamuka. Mwezi woyamba apongozi adatiphera tambala, wachiwiri tinkadya limodzi chisoso ndi usipa, pofika wachinayi ndidayamba kuona kuti ufa m'dengu ukutsika msanga ndipo palibe akunena kanthu. Kukhala chete kumeneko kunkandipweteka kuposa chipongwe. Abale ena ankaganiza kuti munthu wochokera kunja sangakhale wopanda kanthu. Wina adabwera m'mamawa kudzapempha ya feteleza, wina ya fizi ngakhale sukulu zinali zotseka. Ukawauza kuti envelopu ya mwezi uno sinabwere, amakuyang'ana nsapato. Komiti yomwe idatituma inkayankha foni mwaulemu kwambiri, "Tikukupemphererani, abusa, zopereka zatsika, tikuonani." Kutsika zidatsikadi, sindikutsutsa. Koma tikuonani saphikika.

Ana nawo anali ndi nkhondo yawo. Chinyanja amalankhula bwinobwino, popeza kumene timatumikirako ndicho chilankhulo cha pamudzi, koma sukulu adayambira m'Chipwitikizi. Wachiwiri uja ukamutuma kuwerenga mazira ankayamba um, dois, três, asuweni ake n'kugwa nacho chiseko. Adamupatsa dzina loti Mpwitikizi. Tsiku lina ndidamupeza kuseri kwa nkhokwe akulira, ndikumufunsa, iye n'kuti, "Amama, tipita liti kwathu?" Ine ndinkati tabwera kwathu. Kwa iye kwathu kunali kumene tidasiya nkhuku.

Ndiye panali nkhani ya ndowa. Ndidagula ndowa ya mpopi pa Dedza, n'kuiika pampando pafupi ndi khomo, sopo pambali. Apongozi adaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako adati, "Apongozi anga, ndiye kuti manja amene adalera amuna anuwa lero ndi onyansa?" Ndidagwada n'kufotokoza, adamva, koma mlendo aliyense akafika ankathamangira kukamupatsa moni wa pamanja asanafike pandowa paja, ngati akupepesa m'malo mwanga. Mayi wa ku Ntcheu, konzekani. Amayi anu si kuti adzakana chifukwa cha umbuli. Kwa iwo, kupatsa mwana moni uli patali ndi zomwe amachita anthu odana.

Tsopano ndinene chomwe ndakhala ndikuzungulira. Mu Julayi 2020, chisankho cha pa 23 Juni chitangodutsa ndipo matenda atakwera, bambo a kunyumba adatsegulanso kope lofiira lija. Ufa unali utatha, ndipo akuluampingo ena ankaimba foni kuti anthu akufuna kuona mmishonale wawo. Ndidawaletsa. Adandiyankha ndi vesi, ine ndidawayankha ndi misozi, vesi idapambana. Adapita mipingo inayi pa minibasi, masiki ili m'thumba la jekete chifukwa ati sungalalikire utatseka pakamwa. Adabwerako ndi ndalama zokwana matumba awiri a chimanga, nkhuku imodzi yamoyo, ndi chifuwa.

Ndidadziwa usiku womwe ndidapsereza nyemba. Nyumba yonse inali fungo lokhalokha, ana akutsokomola, iwo ali pampando akufunsa ngati ndiwo zapsa. Sankamva kanthu m'mphuno. Tidawasamutsira m'kanyumba ka anyamata kuseri, chakudya ndinkasiya pamwala wa pakhomo, ndikagogoda n'kubwerera m'mbuyo. Madzulo ankafunda bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu, monga ankachitira aliyense masiku amenewo, ngakhale zimenezo zimangotsegula mphuno, sizipha kachilombo. Usiku wachitatu ndidadzuka n'kupeza mphasa ya apongozi ilibe munthu. Ndidawapeza m'kanyumba muja, atakhala pansi, dzanja lili pamphumi pa mwana wawo, akuimba nyimbo ya m'buku motsitsa mawu. Mayi wa zaka zoposa 70, wa BP. Ndidaima pakhomo osadziwa ngati ndikalipe kapena ndiimbe nawo.

Adachira, ndipo apongozi sadadwale. Wina asandilembere kuti ndiye umboni wa chikhulupiriro umenewo. Tidapulumuka, basi. Mu Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, pa 12, anthu oti chipatala chilichonse akadachifika. Mwezi womwewo kuno tidaika nkhalamba zomwe zinkapemphera kuposa ife, maliro ake achangu, opanda kugona pasiwa.

Apa ndiye ndilankhule mosapsatira, ndipo amene akwiye akwiye. Chomwe timachitcha tchuthi cha mmishonale si tchuthi. Ndi ulendo wokapemphetsa utavala tayi. Munthu wakhala zaka zitatu kuchilendo, wadwala malungo kangapo, ana ake sadziwa agogo awo, ndiye akafika timamupatsa mndandanda. Lamulungu lililonse aime kutsogolo, mkazi ndi ana pambali ngati mbuzi za pamsika, afotokoze za anthu obatizidwa, ana aimbe kanyimbo ka Chipwitikizi kuti amayi asangalale, kenako mbale idutse. Akapanda kuonekera, thandizo limazilala, ngati kuti ntchito ya uko imaima chifukwa sitinamuone nkhope.

Mwambowu tidatengera kwa azungu. Amishoni a Dutch Reformed omwe adafika ku Mvera mu 1889 n'kudzafalikira ku Nkhoma ndi ku Mlanda kwanu ku Ntcheu, ankabwerera kwawo ku South Africa pakapita zaka kukapuma ndi kukafotokozera mipingo za ntchito. Ansembe omwe adayambitsa Mua mu 1902 nawo anali ndi chipani chawo chowayang'anira. Anthu amenewo adavutika, malungo adatenga ambiri, manda awo alipo. Koma kumbuyo kwawo kunali bungwe losunga thumba. Ife tidatola kuyendayendako, thumbalo tidalisiya. Mpingo womwe ungathe kugula zokuzira mawu zatsopano ndi matailosi a kuguwa ungathenso kutumiza ndalama kwa mmishonale wake mwezi ndi mwezi osadikira kuti abwere adzavine kaye.

Ndisanaiwale, za katemera. Adafika pa 5 Malichi 2021, okwana 360,000 a AstraZeneca, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adabayitsa poyera pa 11. Pofika mu Meyi boma lidatentha 19,610 omwe adapitirira masiku ake, uku anthu akuthawa jakisoni chifukwa cha mauthenga a pa WhatsApp onena za 666 ndi kusabereka. Ena mwa otumiza mauthengawo ndi atumiki anzathu, ndipo zimandichititsa manyazi. Apongozi ndidapita nawo ndekha. Adavala chitenje chawo cha Chigwirizano ngati akupita ku msonkhano, atabayidwa adafunsa namwino kuti, "Basi? Kameneka ndiye mumaopseza nako anthu?"

Za kufikira kumudzi

Afike, koma asafikire m'nyumba mwa amayi. Pezani nyumba ina, kaya ya inuyo, kaya ya lendi pa boma, akhalemo masiku 14 osasakanikirana ndi anthu. Ayezetse asananyamuke ndipo chikalata chake chikhale m'manja pachipata, kaya alowera pa Dedza kaya pa Biriwiri. Amayi ngati sanabayitse, pitani nawo kuchipatala mukafunse, mankhwala awo a shuga ndi BP asathe. Masiku oyambawo azionana panja, pabwalo, atatalikirana. Ndipo usiku muzikhala tcheru, nkhalamba zimayenda.

Za mipingo

Apa achimwene anu sangathe kukana okha, musawayembekezere. Munthu sakana dzanja lomwe limamudyetsa, ndipo akayesa, adzagona usiku akuwerenga matumba a chimanga ngati mmene ankachitira bambo a kunyumba. Kukanako kuchokere kubanja. Atsibweni anu, kapena wamkulu aliyense amene mawu ake amalemera, apite kwa akuluampingo akanene kuti ife eni mbumba tapempha kuti mwana wathu asayendeyende chaka chino chifukwa cha mayi ake. Palibe mkulu wampingo wa ku Ntcheu amene angatsutsane ndi mwini mbumba pankhani ya mayi wodwala. Lipoti la ntchito alijambule pafoni, mawu ndi zithunzi, lizungulire m'magulu a WhatsApp, ndipo pansi pake alembe nambala ya Airtel Money kapena Mpamba popanda manyazi. Amene amathandiza ntchito adzatumiza. Amene amafuna kanyimbo ka ana kaja mudzawadziwa.

Bambo a kunyumba adabwerera okha ku Mozambique mu Novembala 2020, njira itatseguka, chifukwa DIRE yawo inali pafupi kutha. Ine ndidatsala, popeza sukulu zitatsegulidwa ana adalowa kuno, ndipo sindikadawazulanso pakati pa chaka. Timalankhulana akakwera kachulu ka kuseri kwa tchalitchi komwe kumagwira netiweki. Chimanga chija anthu a mumpingo adakolola n'kutisungira, nkhuku zidatha ndi chitopa. Akandifunsa kuti ndibwera liti ndimati tiona mayeso a ana akatha, koma kunena zoona pali china. M'miyezi imeneyi apongozi aphunzitsa mdzukulu wawo wamkazi kupeta ndi kusinja, Mpwitikizi uja tsopano amatsogolera anzake kukatchera mbewa, ndipo ine kwa nthawi yoyamba chikwatiwire ndakhala pabenchi lakumbuyo m'tchalitchi popanda wondiitana kutsogolo. Sindikudziwa ngati ndili wokonzeka kuzisiya.

Mundilemberenso akafika, achemwali. Ndipo muwauze alamu anuwo asachite zanga: atenge majuzi onse a ana, malipoti awo a kusukulu, ndi makadi a kusikelo. Nkhuku agulitse.