Kodi thandizo la kunja linamangadi Mozambique nkhondo itatha?

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo, akufunsa kuti: "Ndalama zimene mayiko olemera amathira m'dziko nkhondo ikatha, zimamangadi dziko kapena zimangothera m'matumba mwa akuluakulu?"

Mayi, tisapite kutali. Tione za anansi athu a ku Mozambique, poti anthu awo oposa miliyoni imodzi tinawasunga ife kuno, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi kwanu komweko.

Joaquim Chissano, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la Renamo lomwe linkamenyana ndi boma, atasainirana mgwirizano wa mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, funso lalikulu linali la anyamata ogwira mfuti aja: adya chiyani mawa? Apa ndiye ndalama zinagwira ntchito. Msilikali aliyense wotula zida ankalandira malipiro kwa zaka ziwiri, miyezi 6 kuchokera ku boma, miyezi 18 kuchokera kwa opereka thandizo. Inali yochepa, inde, koma inampatsa mpata wolima, wokwatira, wozolowera kugona m'nyumba. Renamo nayo anaipatsa ndalama kuti isanduke chipani n'kupikisana nawo pa chisankho cha 1994. Ena ankati kumeneko n'kulipira zigawenga. Ine ndimati zinatchipa kusiyana ndi chaka china cha maliro.

Matchalitchi anachitanso zawo. Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa ntchito yosinthitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Munthu ankafukula AK-47 kuseri kwa nkhokwe, n'kubwerera kwawo akupalasa njinga.

Mabomba okwirira pansi ndiwo anadya nthawi. A bungwe lochotsa mabomba la HALO Trust ankakwawa ndi mawondo kufufuza dothi pang'onopang'ono, a bungwe lina la APOPO anabweretsa makoswe onunkhiza mabomba, ndipo dzikolo linalengezedwa kuti layera mu 2015. Zaka 23, mayi!

Koma nkhawa yanu si yabodza ayi. Kwa zaka zambiri pafupifupi theka la bajeti ya boma linkachokera kunja, ndipo opereka thandizo ankangotama Maputo osayang'ana kuti kumidzi ya chigawo chapakati cha dzikolo anthu akudandaula. Mfuti zinaliranso mu 2013, ndipo pofika 2016 anthu a ku Tete anali atadzazanso ku Kapise, m'boma la Mwanza. Chaka chomwecho kunaululika ngongole zachinsinsi za madola pafupifupi mabiliyoni awiri, zomwe akuluakulu anatenga nyumba ya malamulo isakudziwa. Bungwe lobwereketsa mayiko ndalama la IMF ndi mayiko aja anatseka mpopi nthawi yomweyo, ndalama ya metical inagwa, ndipo mitengo ya zakudya inakwera m'misika ya anthu omwe ngongoleyo sanaione ndi maso.