Tulani Nkhawa kwa Mulungu, Koma Ngongole Muilembe M'kabuku

Funso: Ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe ndipo ndimakhala ku Bangwe ndi ana atatu. Kutchalitchi atiphunzitsa kuti pa Khrisimasi ino titule nkhawa zathu kwa Mulungu ndi kumuyamika, koma ine tulo sindikupeza. Ndili ndi ngongole kubanki mkhonde ndi kwa anthu ena, ndipo abale a ku Thyolo akubwera kudzadya Khrisimasi kwathu. Wakatapila wina akuti andibwereka K200,000 kuti ndidzabweze K300,000 kumapeto kwa Januwale. Kodi nkhawa yangayi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro?

Yankho: Mayi, za chikhulupiriro chanu sindikukayika, pakuti munthu wopanda chikhulupiriro sakanavutika ndi funso limeneli. Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi mawu akuti "kwa anthu ena". Ndalama ya wakatapila mwaitchula bwinobwino, koma ngongole imene muli nayo kale simunaitchule, ndipo ndikukhulupirira kuti inu nomwe simukuidziwa kuti yakwana zingati. Makalata otere amachuluka mwezi uno chaka chilichonse, ndipo pafupifupi onse vuto lake ndi limeneli. Ngongole yosalembedwa imakula usiku m'maganizo, chifukwa mutu umangobwereza maina a anthu popanda kufika pa chiwerengero.

Pa 2 Mafumu 4 pali mkazi wamasiye amene wangongole anafuna kumulanda ana ake awiri. Iye anatula nkhawa yake kwa mneneri Elisa, ndipo Elisa anayamba ndi kumufunsa chimene anali nacho m'nyumba. Mafuta atachuluka, anamuuza kuti akagulitse, abweze ngongole, ndipo zotsalazo adye ndi ana ake. Onani dongosolo lake: kuwerenga zimene zilipo, kugulitsa, kubweza, kenaka kudya. Inu mukufuna kuyamba ndi kudya, pogwiritsa ntchito ndalama ya munthu amene adzabwera pakhomo panu mu Januwale.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ngakhale mongoyerekeza. Tinene kuti pa tsiku labwino benchi lanu limakupatsani phindu la K8,000. Ndalama yakatapilayo siikupita ku belo kuti ibale, ikupita ku mpunga, nkhuku, Sobo ndi zovala za ana, choncho K300,000 yonseyo idzachokera m'phindu lanu. Pamafunika masiku oposa 37 ogulitsa bwino, osadya, osalipira lendi, osakwera minibasi, kuti mukwanitse ndalama imeneyo. Ndipo inu mukudziwa kuposa ine momwe msika umazizirira mu Januwale, anthu akatha ndalama ndi zisangalalo, fizi ya teremu yachiwiri ikufunika, kumudzi akuimba foni ya feteleza wobereketsa. Tsiku lobweza likadzakwana mulibe, wakatapila adzati mupereke chiwongoladzanja chokha cha K100,000 ndipo K200,000 ikhalebe, mwezi wotsatira chimodzimodzi, mpaka mudzagulitse mpamba wonse. Musatenge ndalama imeneyo, mayi, ndikukupemphani.

Usiku uno, musanagwade kupemphera, tengani kope la sukulu la mwana wanu lomwe latsala ndi masamba. Patsamba loyamba lembani aliyense amene muli naye ngongole, ndalama yake ndi tsiku lobweza, osaiwala wa pagolosale amene mumatengako sopo ndi shuga. Patsamba lachiwiri lembani amene anatenga zovala kwa inu pangongole, chifukwa ogulitsa kaunjika ambiri ndalama yawo ya Khrisimasi ili m'matumba a makasitomala amene anati "ndidzapereka malipiro akatuluka". Malipiro a Disembala akatuluka, ayendereni sabata yomweyo, ndalamazo zisanathere kwina. Funsaninso mlembi wa banki mkhonde kuti masheya anu afika pati, ndipo ngati gulu lanu limagawana mwezi uno, mudziwiretu kuti akachotsa ngongole mutsala ndi zingati. Mwina mupeza kuti dzenje silakuya monga mumaganizira. Likakhala lakuya, mudzakhala mukupempherera chinthu chimene mukuchidziwa, ndipo mudzatha kupita kwa aliyense wa anthuwo kukagwirizana naye za kabwezedwe asanayambe kukusakani.

Kuyamika nakonso kuli ndi tsamba lake. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mabelo inakwera, ndipo anzanu ena anasiya mabenchi awo, koma lanu lilipobe. Lembani materemu amene mwalipira fizi chaka chino, miyezi imene lendi mwakwanitsa, ndi ngongole zimene munamaliza kubweza. Chiyamiko chotere chimakhazika mtima pansi chifukwa chikutchula zinthu zenizeni zimene Mulungu wakuchitirani, ndipo chopereka chanu chothokoza chichokere pa zimene muli nazo, osati pa zobwereka.

Tsopano za abale a ku Thyolo. Mlendo sitimukana, koma palibe mwambo umene umati wa m'tauni agwe m'katapila kuti akumudzi akhute. Aimbireni foni sabata ino, muwauze mwaulemu kuti chaka chino zinthu zavuta, ndipo amene akubwera atengeko nkhuku, nthochi kapena ufa, aliyense adzipezerenso yoyendera yobwerera. Ena adzang'ung'udza kuti mwayamba kunyada, koma mu Januwale palibe mmodzi wa iwo amene adzaime nanu pamaso pa wakatapila.

Ndalama ya chakudya cha pa 25 Disembala muichotse pa phindu la masabata awiri amene kaunjika amayenda kwambiri chikondwerero chisanafike, ndipo ya belo lotsatira muisunge padera pa Mpamba kapena Airtel Money kuti isakhale m'chikwama pamene alendo ali pakhomo. Mukamaliza kulemba masamba atatuwo, ndilembereninso ndi ziwerengero zake kuti tione ngongole yoyenera kuyamba kubweza.